Mapazi a Dongo

Inu ana anga mumandinena kuti ndine munthu wokayikira aliyense, kuti ngakhale wogulitsa nthochi akandiwonjezera imodzi yaulere ndimayamba ndaitembenuza kuti ndione pomwe yawola. Sindikukana. Koma sindinabadwe choncho, inandiphunzitsa ndi ntchito. Tsopano poti ndapuma ndipo nthawi ndili nayo, ndati ndikulembereni za zaka zomwe ndinagwira m'laibulale, makamaka nkhani ya mapazi a dongo yomwe munkangoimvera m'mbali muli ana. Iwe Tadala nkhaniyi ikukukhudza kuposa anzako, ndiye uwerenge mpaka kumapeto, osati kudumphadumpha monga umachitira ndi mauthenga anga a pafoni.

Zaka zoyamba, ku Zomba

Ntchito yanga yoyamba inali ya pakhomo pa laibulale ya m'tauni ku Zomba. Ndinkadinda mabuku obwerekedwa ndi kusecha zikwama za anthu otuluka. Ndinalowa ntchitoyo ndili mtsikana wokhulupirira kuti munthu wokonda kuwerenga sangabe. Mwezi usanathe ndinali nditagwira mnyamata wovala tayi atamangirira buku la masamu pamimba ndi lamba, ndiponso mayi wina wa ulemu wake akudula masamba a maphikidwe ndi lezala pansi pa tebulo, nkhope ili phee ngati ali m'tchalitchi. Kuyambira pamenepo munthu akandipatsa moni wautali pakhomo, maso anga ankathamangira pa malaya ake.

Kumeneko ndi komwe ndinakumana ndi a Chipeta, omwe anadzakhala bwana wanga zaka zambiri. Anali munthu wosakalipa, womwetulira nthawi zonse, wokonda alendo ndi zithunzi. Kukamabwera alendo ochokera ku likulu ankatiuza kuti mabuku atsopano tiwaike kutsogolo, ong'ambika tiwabise kuseri kwa kabati. Sindinkadana nawo ayi, koma akangondiitana kuti, "Mayi Namakhwa, ndili ndi nkhani yabwino," ndinkadziwiratu kuti pali katundu amene akufuna kundisenzetsa. Nkhani yabwino ina inali yoti ndikupita ku Domasi kukayendetsa nthambi ndekha.

Chaka chomwe ndinafika ku Domasi

Laibulale ya ku Domasi inali chipinda chimodzi chachikulu, kachipinda kosungira katundu komwe tinkati sitolo, khonde, ndi bwalo la mchenga lokhala ndi mtengo wa mango. Antchito tinali awiri, ine ndi mlonda, a Bwanali a ku Malemia, bambo wamtali wosalankhulalankhula amene ankavala nsapato za matayala chaka chonse. Mkati mwa sabata kunkabwera aphunzitsi ndi ophunzira a m'masukulu ozungulira. Ana a m'midzi ankangoima pawindo kusuzumira, ukawayang'ana n'kuthawa. Ena ankaganiza kuti polowa amalipiritsa, ena kuti ukadetsa buku amakutsekera momwemo.

Kenako kunabwera lamulo lochokera ku likulu loti Loweruka lililonse tiziphunzitsa ana ndi makolo awo ntchito zamanja, kuti azolowere kulowa m'nyumba ya mabuku. A Chipeta analonjeza kuti kubwera katoni ya mapepala, utoto, guluu ndi masizasi. Katoni imeneyo ndinaidikira mpaka ndapuma ntchito. Ndinayamba ndi sizasi imodzi ya kunyumba, yomwe ndinkaimangirira m'chiuno ndi chingwe chifukwa ndinkadziwa kuti ikangogona patebulo yapita. Guluu wathu anali phala la ufa wa chinangwa, ndipo chomwe tamata Loweruka chikagona m'laibulale, pofika Lolemba mphemvu zinali zitadya. Tinkatola zitsekerero za mabotolo, makatoni a m'magolosale, mawaya, mlaza, udzu wa mpunga ndi makungwa ouma a nthochi. Tisanayambe ndinkawawerengera kankhani kakafupi, ndiye ana ankapanga zomwe amva, kaya bwato, kaya nyumba, kaya galimoto.

Amayi anayamba kubwera, osati chifukwa chokonda luso, koma kudzaona chomwe mlendo ameneyu akufuna pa ana awo. Ndinawamvetsa, chifukwa ndikanakhala ine ndikanachitanso chimodzimodzi. Amene ankatsogolera anzawo anali abiti Yusufu a ku Naisi, mayi wolima mpunga amene ankagulitsanso zitumbuwa pamsewu. Anali ndi mwana wamkazi dzina lake Asiyatu, msinkhu umodzi ndi iwe Tadala. Tsiku loyamba anakhala pakhonde osagwira kanthu, maso ali pa manja anga. Titamaliza anandifunsa kuti, "Achemwali, zimenezi mapeto ake n'chiyani? Anawa akapanga, inu mumapita nazo kuti?"

"Sindipita nazo kulikonse," ndinatero. "Aliyense amatenga chake kupita nacho kwawo."

"Tsiku lomwelo?"

"Tsiku lomwelo."

Anagwedeza mutu, ndipo Loweruka lotsatira anabwera ndi mtolo wa mlaza ndi anzawo ena. Yankho limene ndinapereka mosaganizira lija linasanduka pangano lathu: chomwe mwana wapanga sichigona ku laibulale. Abiti Yusufu omwewo ndi amene anandionetsa kodikha komwe amatapa mtapo, dongo loumbira lija, mapepala atatitheratu. Titayamba kuumba, amuna awo, che Amidu, omwe anali ndi kagolosale ku Naisi, anabwera pa njinga kudzandipempha mwaulemu kuti ana awo asamaumbe zinthu za maso ndi pakamwa, chifukwa chipembedzo chawo sichikondwera nazo. Ndinavomera. Tinasiya ng'ombe ndi zidole, tinkaumba timiphika, makapu ndi malole. Pofika chaka chachitatu, Loweruka ana ankadzaza chipinda mpaka pakhonde, ndipo ena anali atayamba kubwereka mabuku mkati mwa sabata. Pa ntchito zonse zomwe ndinagwira pamoyo wanga, imeneyi ndi yomwe ndinkainyadira.

Chilimwe cha chaka chachinayi

Tsiku lina mu Seputembala a Chipeta anatulukira ndi galimoto ya kuntchito, buku lalikulu la kunja lili m'khwapa. "Mayi Namakhwa, ndili ndi nkhani yabwino." Anatsegula tsamba lomwe panali chithunzi cha ana a dziko lina ataponda pa chinthu choyera chofewa, mapazi awo n'kudindika. Anati ku likulu kukhala chionetsero, kubwera anthu amene amatithandiza ndi mabuku, ndipo iwo akufuna khoma lonse la mapazi a ana a ku Domasi, lililonse ndi dzina la mwini wake, pamwamba palembedwe kuti awa ndi mapazi opita ku laibulale.

"Bwana, bwanji tisatumize timiphika kapena malole?" ndinafunsa.

"Zimenezo aliyense ali nazo. Ine ndikufuna chinthu choti mlendo aime n'kujambula."

"Kuno phazi la munthu saseweretsa, bwana. Inunso mukudziwa za kutapa phazi."

Kwa adzukulu anga obadwira m'tauni, kutapa phazi ndi zomwe anthu amakhulupirira kuti mdani wako amachita. Amakutsatira, amatapa dothi pomwe waponda, amapita nalo kwa sing'anga, ndipo iwe mwendo umatupa kapena kupuwala. A Chipeta anaseka mpaka kupukuta magalasi. "Inu munthu wa mabuku mukulankhula zimenezo? Wotapa phazi amachita mobisa. Ife tikuchita masana, poyera, ana akuseka." Kenako anatsitsa mawu n'kunena kuti ku Zomba kukutsekuka mpando wa wachiwiri wawo, wokhala ndi nyumba ya magetsi pafupi ndi sukulu yabwino, ndipo chionetserochi chikayenda bwino dzina langa likhala patsogolo. Nthawi imeneyo inu munkawerenga ndi nyali ya parafini, ndipo sindinama, mpandowo ndinkaufuna.

Loweruka lomwe tinachita zimenezi kunali sadaka yaikulu yokumbukira womwalira ku Malemia, ndiye amayi ambiri sanabwere, anangotumiza ana. Sindinasankhe tsikulo dala, koma pambuyo pake panalibe amene anakhulupirira zimenezo. Tinakanda mtapo, tinauphwathalitsa m'zidutswa zonga njerwa zopyapyala, ana n'kumaponda mmodzimmodzi akuseka kuti dongo likuzizira. Ine ndinkalemba dzina la aliyense m'munsi mwa phazi ndi kamtengo ka machesi. Iwe Tadala unaponda koyambirira kuti anzako asaope. Titatha, Asiyatu ananyamula lake kuti azipita, ndipo ndinamuuza kuti ayi, awa atsala kuno kuti aume. Anandiyang'ana modabwa, analisiya. A Bwanali anali ataima pakhomo nthawi yonseyo, kenako anandithandiza kulowetsa mapaziwo m'sitolo. Ndinakhoma loko, kiyi ndinamangirira pachingwe cha sizasi chija.

Okutobala wa chaka chomwecho

Loweruka lotsatira kunabwera ana ochepa, a aphunzitsi okha. Linzakelo kunalibe ndi mmodzi yemwe. Ndinakhala ndi phala langa la chinangwa mpaka linauma m'mbale. Pamsika amayi omwe tinkaseka nawo ankandiyankha moni maso ali kumbali, ndikadutsa nkhani inkaduka. Mwana wina yemwe ndinakumana naye panjira anachoka mumchenga n'kuyamba kuyenda pa udzu. Ndiye ndinamva kwa mkazi wa mphunzitsi wina kuti Asiyatu watupa phazi lakumanja, sakuponda pansi, ndipo anthu akuti mayi wa ku laibulale watapa mapazi a ana a mudzi wonse, ndi mayina omwe, kuti akakwezedwe pantchito. Za kukwezedwazo sindinauzepo munthu. Mpaka lero ndimakayikira dalaivala wa a Chipeta, chifukwa tsiku lija anakadya zitumbuwa ku Naisi. Ndinachita mantha, ana anga. M'dera lathu lino mphekesera za mtundu umenewu sizichedwa kufika pa miyala. Koma chomwe chinkandiwawa kwambiri chinali chipinda chopanda ana chija, ntchito ya zaka zinayi itatha m'masabata awiri.

Kenako ndinaona kuti mapazi m'sitolo akuchepa. Loko anali wokhoma, kiyi ali m'chiuno mwanga, koma pashelefu pankaoneka mipata, lero apa, mawa apo. Ndinakayikira aliyense. Ndinaganiza kuti pali mdani wanga amene akuwaba kuti akachitire ana choipa mlandu ugwere ine. Ndinaganiza kuti mwina a Chipeta ali ndi kiyi wina. Ndinafika pokayikira ngakhale bambo anu, omwe sankadziwa n'komwe kuti sitoloyo yayang'ana kuti. Koma maganizo anga ankabwerera kwa a Bwanali, kuti bambo wachete ameneyu wapeza msika kwa asing'anga. Madzulo ena poweruka ndinasefa phulusa n'kuliwaza pansi kuseri kwa chitseko cha sitolo. M'mawa mwake ndinapeza chidindo cha tayala chili bwinobwino pa phulusa, ndipo ndinaima n'kumachiyang'ana, ine amene mudzi wonse unkandinena za mapazi a anthu.

"A Bwanali, tabwerani mudzaone nsapato yanu."

Anabwera, anayang'ana nthawi yaitali. "Ndi yanga, mayi."

"Mukukagulitsa kwa ndani? Mundiuze dzina la sing'angayo, apo ayi nkhaniyi ifika ku Zomba lero lomwe."

Nkhope yawo inagwa. "Mayi, ine ndimaswali ku mzikiti. Zimenezo musandinenere." Anakhala pa mpando wawo wa pakhonde n'kundiuza kuti amamasula misomali ya chogwirira loko, akatha n'kubwezeretsa. "Amabwera eni ake, m'mawa inu musanafike. Mayi amakhala pansi apa, amati, a Bwanali, tipatseniko phazi la mwana wathu. Ndikane bwanji? Ena ndi abale anga. Amabwera ndi kamtengo koyezera phazi, konga kaja kogulira nsapato mwana atatsala kunyumba, chifukwa zolemba zanu za pa dongo sazikhulupirira."

"Nanga osabwera kwa ine bwanji?"

"Amati mukadziwa, muthamangitsa katunduyo ku likulu asanatenge."

Ndinafunsa ngati abiti Yusufu anabwera. Anati anabwera kawiri, ndipo kawiri konse anawauza kuti phazi la mwana wawo sanalipeze. Analowa m'sitolo, anasuntha katoni ya manyuzipepala akale, anatulutsa phazi la Asiyatu lomwe analibisa kumeneko. Linali litang'aluka pouma, mng'alu wochokera kuchidendene mpaka pakati pa phazi. Linali lakumanja. Mwa mapazi onse aja, long'aluka linali lokhalo.

"Ndikanawapatsa bwanji limeneli, mayi?" anatero a Bwanali. "Akanati umboni ndi uwu."

Ndinakhala nalo pamiyendo m'mawa wonsewo. Ndinaganiza zoliponya m'chimbudzi n'kunena kuti linasowa, koma phazi losowa likanakhala loopsa kuposa long'aluka. Ndinaganizanso zoumba lina, iwe Tadala uponde, ndilembepo dzina la Asiyatu, koma kamtengo koyezera kaja kakanandigwira. Masana ndinalikulunga m'chitenje, ndinatseka laibulale, ndinakwera minibasi ya ku Naisi.

Tsiku lomwelo, ku Naisi

Che Amidu anali pakhonde la golosale yawo. Atandiona sanadzuke, anangoitana akazi awo kuseri. Tinakhala pa mphasa kumbuyo kwa nyumba, Asiyatu atagona pamthunzi, phazi litakulungidwa bandeji. Anthu ena oyandikana nawo anayamba kuima kumpanda. Ndinamasula chitenje n'kuika phazi la dongo pakati pathu, mng'alu uli pamwamba. Ndinanena kuti lang'aluka lokha pouma pansi pa malata otentha, kuti ndalibweretsa mmene lilili chifukwa sindikufuna kubisa kanthu, ndiponso kuti mwanayo apite naye kuchipatala.

"Kuchipatala tinapita kale," anatero che Amidu. "Anang'amba, anachotsa minga, anamupatsa jakisoni. Ife si anthu osadziwa chipatala, mayi. Koma minga ili ponseponse, ndipo mwanayu wayenda wopanda nsapato chibadwire. Bwanji inadikira kuti aponde kwa inu kaye? Bwanji inasankha phazi lomwelo?"

Mpaka lero funso limenelo palibe buku lomwe linandiyankha mokhutiritsa munthu amene mwana wake akubuula. Abiti Yusufu anasendera pafupi. Anatenga kamtengo kawo, anayeza phazi la dongo lija m'litali, anaona kuti ndi lomwelo. Kenako anatenga beseni la madzi n'kuliviika. Dongo losawotcha silichedwa, tinkaliona likusungunuka, zala zikutha, dzina likufufutika. Analikanda ndi manja mpaka linasanduka phala, analowa nalo m'khitchini n'kukazira pansi pafupi ndi mafuwa. Atatuluka anasamba m'manja n'kunena kuti, "Labwerera kwawo." Ndiye anandiyang'ana m'maso koyamba. "Achemwali, munati chomwe mwana wapanga sichigona ku laibulale."

"Ndinatero."

"Nanga la mwana wanu lili kuti?"

"Lili m'sitolo ndi enawo."

"Ndiye tiona," anatero, ndipo sanandiperekeze.

Pobwerera ndinauza a Bwanali kuti alengeze ku Malemia ndi ku Naisi konse kuti aliyense abwere masana, ine ndilipo, adzatenge phazi la mwana wake. Ndinkadziwa kuti ndikuphwanya lamulo la bwana, koma sindinaone njira ina yobwezera ana m'chipinda chija. Anabwera ndi timitengo tawo, ankayeza, ankakulunga m'nsalu, ankapita osatsanzika. Pofika Lachisanu pashelefu panatsala limodzi, lako Tadala. Limenelo ndinalisiya dala. Ndinali nditakonza kuti a Chipeta akabwera ndidzalipereke pamaso pa anthu onse, aone kuti ine sindiopa kutumiza phazi la mwana wanga yemwe, ndiye adziwe kuti panalibe choipa chilichonse. Ndinkaona ngati ndi nzeru zakuya.

Loweruka lomaliza la mwezi umenewo

Mbiri yoti galimoto ya a Chipeta ibwera kudzatenga katundu wa chionetsero inali itamveka. Mmene ndinkatsegula, pansi pa mango panali patadzaza amayi ndi mipango yawo, abiti Yusufu ali kutsogolo. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera ndi mwana. Mwana yekhayo pabwalopo unali iwe, ukusewera ndi zitsekerero za mabotolo pakhonde, wopanda nsapato. A Chipeta atatsika anasangalala kuona gulu, anaganiza kuti abwera kudzaperekeza ntchito ya ana awo. Ndinawatengera m'sitolo n'kuwafotokozera zonse. Aka kanali koyamba kuwaona osamwetulira.

"Mwagawa katundu wa chionetsero popanda kundifunsa?"

"Sanali wa chionetsero, bwana, anali wa eni ake. Koma latsala limodzi, la mwana wanga. Limenelo mutha kutenga."

Anapumira m'mwamba n'kunena kuti limodzi ndi bwino kusiyana ndi kupita manja okha, aliika patebulo ndi chithunzi cha laibulale. Ndinalinyamula, ndinatuluka nalo pakhonde, ndinalankhula mokweza kuti a pansi pa mango amve. Ndinati ili ndi phazi la Tadala, mwana wanga wobereka ndekha, ndipo likupita ku likulu. Dalaivala analilandira, analikulunga m'nyuzipepala mwachisawawa, analiika kumbuyo kwa galimoto pakati pa tayala ndi jeke. Nyuzipepala inafunukuka mbali imodzi, ndipo ndinaona kachala kako kakang'ono kopindika kaja, komwe unatengera kwa bambo ako, katadindika pa dongo, dzina lako lili m'munsi ndi zilembo zanga. Ndinayamba kudzifunsa kuti kumeneko alikhudza ndani, awerenga dzinalo ndani, ndipo chionetsero chikatha alitaya kuti. Dalaivala ameneyu ndinkamukayikira kale. Anthu a ku likuluwo sindinkawadziwa ndi mmodzi yemwe.

"Tabweretsani," ndinatero.

Dalaivala anayang'ana bwana. Ndinapita ndekha, ndinalichotsa m'galimotomo, ndinalifungatira pachifuwa.

"Mayi Namakhwa," anatero a Chipeta motsitsa mawu, "nanunso mumakhulupirira zimenezi?"

"Sindikhulupirira, bwana. Koma silikwera galimoto."

"Mukudziwa kuti mukundichititsa manyazi pamaso pa anthu? Mukukumbukira zomwe tinakambirana za ku Zomba?"

"Ndikukumbukira."

Anandiyang'ana kanthawi, anakwera galimoto, anapita osatsanzika. Ine ndinatsala chiimire pabwalo ndi dongo pachifuwa, ndikudziwa kuti mpando wapita, ndiponso ndikuganiza kuti ndadzigwiritsa ndekha pamaso pa amayi aja, poti ndaonetsa kuti chinthu chomwe ndinachitira ana awo ndikuchiopa pa mwana wanga. Anadzuka mmodzimmodzi n'kumapita. Abiti Yusufu anatsalira pang'ono, anakonza mpango wawo, anandifunsa ngati mlaza udakalipo kapena abweretse wina. Ndinayankha kuti watha, osamvetsa chomwe akufunsira.

Anandimasulira ndi a Bwanali madzulo ake. Anati amayi aja anabwera kudzaona chinthu chimodzi chokha. Kwa iwo, munthu wofuna kukhwimira udindo amapereka ndi mwana wake yemwe, ndiye phazi lako likanakwera galimoto ija, akanadziwa kuti zonse zomwe ankamva ndi zoona, ndipo anyamata ena anali atauzidwa kale kuti akhale pafupi. Nzeru zanga zakuya zija zikanandiotchetsa nyumba. "Koma ataona kuti mwalilanda," anatero a Bwanali, "anati uyu ndi mayi ngati ife tomwe, anangopusitsidwa ndi abwana ake." Mawu oti kupusitsidwa anandiwawa, koma ndinawameza.

Zaka zotsatira

Loweruka linalo ana anabwera. Osati onse, koma okwanira kudzaza matebulo. Chomwe ndinaona ndi choti aliyense anali atavala nsapato, ena za akulu awo, ena masilipasi osiyana mitundu, kamnyamata kena nsapato za bambo ake zomwe kankachita kuzikoka. Amayi anakhala pakhonde monga kale, tinaluka timadengu ta mlaza, aliyense anatenga kake. Ana atatuluka, mayi wina anatenga tsache la a Bwanali n'kusesa bwalo lonse la mchenga mpaka kumsewu, osasiya chidindo ndi chimodzi chomwe. Sanandiyang'ane, inenso sindinafunse. Kusesa kumeneko kunakhala mwambo wa Loweruka lililonse mpaka ndinapuma, ndipo amayi achitsikana omwe anabwera pambuyo ankaganiza kuti ndi ukhondo chabe.

Asiyatu anachira, anabwerera mvula itayamba, ndipo pano ali pabanja ku Liwonde, amayenda bwinobwino. Che Amidu ankandipatsa moni, koma mpaka anamwalira sanandigulitsepo kanthu ndi dzanja lawo, ankaitana mwana kuti andipatse. Mpando wa ku Zomba anapatsa munthu wina. A Chipeta sananditchulirenso nkhani yabwino, ndipo ine ndinakhala ku Domasi zaka zonse zotsala, ndi sizasi m'chiuno ndi phala la chinangwa. Inu munamaliza sukulu ndi nyali ya parafini, ndipo ndikudziwa kuti nthawi zina munkadandaula. Tsopano mwadziwa chomwe ndinasinthanitsa ndi magetsi aja. Mtapo tinapitiriza kuumba, koma palibe mwana anapondaponso, ndipo palibe chomwe chinagonanso m'sitolo.

Phazi lako, Tadala, sindinaliviike m'madzi. Lili pansi pa sutikesi yanga yachitsulo, lokulungidwa m'chitenje chomwe ndinapita nacho ku Naisi, ndipo silinang'aluke. Chaka chatha unandiuza pafoni kuti ukufuna ukalipachike pabalaza kwanu ku Blantyre, ndilipereke kwa mnzako wina amene amadutsa kuno ndi galimoto. Ndinakuyankha kuti sindinalipeze. Lilipo. Ukalifuna ubwere wekha udzalitenge ndi manja ako, usatume munthu.